Babu la M'chipinda cha Tsabola

Lolemba, 6 Okutobala

Kutentha. Magetsi anabwera mmawa, ndasita zofunda zonse za kunyumba ya alendo dzuwa lisanafike pamutu. Msana.

Masana kusaluni, kwa Tsabola. Mtsikana wanga wachinayi chiyambireni ntchito yoperekeza atsikana oyembekezera, koma woyamba kundisowetsa mtendere chonchi. Zaka 16. Mimba yalowa mwezi wachisanu ndi chitatu. Dzinali anamupatsa ndi makasitomala, chifukwa cha pakamwa. Amaluka tsitsi m'saluni ya azakhali ake, amagona m'kachipinda kakuseri, pakati pa makatoni a meshi ndi zigubu za shampu. Mwini mimba anasowa kalekale.

Ndikulowa, iye: "Tsegulani msewu, Mai Ambulansi afika!" Onse kuseka, ngakhale mayi amene mutu unali m'dilaya. Ndaseka nawo. Mumtima ayi.

Dzinali ndinadziputira ndekha. Kawiri ndinathamanga naye kuchipatala pachabe. Koyamba mwana sankagunda. Tili pamzere, anagunda mpaka diresi kugwedezeka. Kachiwiri m'mimba kupota, ine misozi m'minibasi, kukafika n'kupezeka kuti ndi mango osapsa amene anadya ndi mchere. Tsiku lonse pabenchi. Kasitomala wina anabwerera kwawo mutu wolukidwa theka.

Tsiku limenelo azakhali ake anandiitanira panja. "Mai, kachitatu ndimubweza kwa mayi ake. Saluni yanga si wodi."

Kwa mayi akewo chipatala ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Akapita kumeneko akachirira m'nyumba. Chiuno chake chija n'cha mwana. Ndiye ndinalonjeza, kwa iye ndi kwa ine ndemwe: sindidzamunyamulanso popanda chifukwa chenicheni.

Lero mapazi otupa. Ndawaviika m'beseni la madzi ozizira, ndawasisita ndi mafuta. Wati manja anga ndi abwino, mutu wokha ndi umene unawonongeka.

Sikelo yake ndi pa 21. Tidikire.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndamugulira mapatapata a sayizi ya abambo. Ake aja akumudula pamwamba pa phazi. Wawavala, wayenda nawo ngati bakha saluni yonse kuti anthu aseke.

Posisita ndinadina chala pakakolo. Kadzenje kanatsala. Ndinayang'ana kumbali, kenako ndinayang'ananso. Kadakalipo.

Ndi kutenthaku. Komanso amaima tsiku lonse. Ndamupezera kampando koti aziikapo mapazi poluka.

Makasitomala atatha tinalowa m'kachipinda kake kuyeserera kupuma, monga anatiphunzitsira anamwino. Kukoka mpweya ndi mphuno, kutulutsa pakamwa pang'onopang'ono. Iye akuti ndikumveka ngati tayala lophwa. Tikakhala awiriwiri, pakamwa paja pamachepa.

"Kodi anthu amafa nazo?" Sanandiyang'ane.

Ndinati ambiri amachira bwinobwino, makamaka akafika msanga kuchipatala.

"Mudzalowa nane?"

Ndidzalowa. Ntchito yanga ndi imeneyo. Sindibaya jakisoni, sindipereka mankhwala, sindigwira mwana potuluka. Kukhala pambali basi, kusisita msana, kumupatsa madzi, kumuyankhulira mawu akamuthera.

Chikwama cha kuchipatala ndachiunguzanso. Nsalu zilimo, kachipewa kalimo, masokosi. Sopo anatengamo, akuti anamuthera. Ndibweretse wina.

Bambo a kunyumba akuti ndimadzuka ndi nkhope ya munthu amene waiwala mphika pamoto kudziko lina.

Lachisanu, 10 Okutobala

Msonkhano wa operekeza kuchipatala, m'chipinda chija cha mabenchi obiriwira. Tinalipo asanu ndi awiri. Anamwino osangalala. Akuti chiyambireni gulu lathu atsikana akubwera kusikelo osathawa, ndipo mwezi wathawu palibe wa ife amene mtsikana wake anachirira kunyumba. Tinaomba m'manja.

Aliyense kunena za mtsikana wake. Itafika nthawi yanga, Mai Wayilesi, woperekeza mnzathu, anayamba kulira ngati sayirini, wiii wiii. Benchi yonse kugwedezeka ndi kuseka. Si oipa mtima, ndi mmene alili.

Ndinangofunsa za mapazi.

Anamwino anati mapazi okha amatupa kwa ambiri mimba ikakula, makamaka kukatentha. Koma ndiyang'anitsitse manja, nkhope, mutu wosamva kupuma, ndi maso akayamba kuona zachilendo. "Mukakayika bwerani naye, mai. Ngakhale ka handiredi. Ine sinditopa."

Iwo satopa. Azakhali ake ndiye anatopa kale. Zimenezo sindinanene. Ndimaopa kuti anamwino akapita kukawakalipira, mtsikana adzakwezedwa basi tsiku lomwelo.

Pobwerera ndagula sopo.

Lamulungu, 12 Okutobala

Kutchalitchi thupi lokha. Nyimbo zonse ine maso pa mapazi a amayi apakati awiri amene anali kutsogolo. Wina otupa, wina ayi. Sizinandithandize.

Kunyumba ndatulutsa kakhadi ka zithunzi kamene anatipatsa pamaphunziro. Mayi wa mapazi otupa. Mayi wogwira mutu ndi manja awiri. Mayi wa nkhope yofufuma. Mayi amene tinyenyezi tamuzungulira m'maso. Mayi wogona pansi, miyendo ili yowuma. Ndakabwezera m'Baibulo.

Tsabola ali pa chithunzi choyamba chokha, cha mapazi. Chimodzi chokha.

Bambo a kunyumba: "Ana ako atatu unabereka osagwedezeka, wa eni ake ndiye uonde naye?" Sakudziwa kuti anga omwe ndinkagwedezeka. Kungoti panalibe woti ndimuuze.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Mutu.

Ndamupeza akuluka, maso atatsinzina theka, osatukwana aliyense. Ndinadziwa pomwepo kuti sali bwino. Akuti unayamba mmawa, pamphumi, ngati wina wamumanga lamba. Azakhali ake akuti ndi fungo la mankhwala owongolera tsitsi, lero anathira anthu atatu. Zoona, ngakhale ine maso amandiyabwa.

Ndinayamba kuti, "Bwanji mawa..." Tsabola sanandilole kumaliza. Anandigwira mkono, zala zotentha.

"Mai Ambulansi, chonde. Loweruka kuli ukwati, mitu isanu ndi umodzi. Mukandichotsa pano ndapita kwa amayi. Mukufuna ndikafere kumeneko?"

Ndinamulowetsa m'kachipinda. Ndinatchinga zenera ndi thawulo, kansalu konyowa pamphumi, ndikusisita khosi ndi mapewa pang'onopang'ono. Anagona. Anagona tulo tabwino, kukamwa yasa ngati khanda. Podzuka akuti wachepa. Wandiuza kuti ndikanakhala mwamuna akanandikwatira.

Ndinatuluka wokondwa. Pofika pasiteji ya minibasi chimwemwe chonse chinali chitatha.

Kachibangili kake ka pulasitiki sikakuvuka. Tinakadula ndi sizasi. Mzere unatsala padzanja.

Sabata imodzi kuti sikelo ikwane. Ambuye, sabata imodzi yokha.

Lachinayi, 16 Okutobala

Magetsi kulibe masana onse. Kusaluni dilaya zili zii, akungoluka pakhomo pomwe pali kuwala.

Mutu akuti umabwera n'kupita. Ndaikanso kansalu konyowa. Wathokoza.

Dandaulo la lero ndi babu la m'kachipinda kake. Akuti madzulo likayaka limaphethira, kuthwanimathwanima ngati lili ndi tiziphaniphani mkati, mpaka amachita nseru. Wauza azakhali ake, iwo akuti alibe nthawi ya mababu.

Chimenechi chokha ndingathe kukonza. Ndinapita pagolosale, ndagula latsopano, ndakwera pakatoni, ndasintha. Tsabola pansi akundigwirira miyendo: "Mukagwa ndiitana ambulansi iti, poti ambulansi ndi inuyo?" Lakalelo ndalikulunga m'pepala, ndaika m'chikwama. Sinditaya chinthu ndisanachiyese.

Potuluka ndinamuona pagalasi lalikulu la saluni. Pamaso ndi pamaso sindinazindikire, koma pagalasi nkhope ija si yake. Zikope zolemera, mphuno yafalikira. Azakhali ake akuti mimba ya mwana wamkazi imatero, imalanda kukongola kwa mayi.

Ndinaima pakhomo nthawi yaitali. Kenako ndinapita.

Lachisanu, 17 Okutobala

Zofunda zambiri, alendo adzaza. Sindinapite. Ndamuimbira.

"Babu lanu nalonso n'labodza, Mai Ambulansi. Likuphethira kuposa lija. Akuberani."

Ndiye kuti ndi mawaya. Kachipinda kodzaza makatoni ndi meshi, mtsikana wolemedwa atagona mkati, chitseko chimodzi. Moto utabuka angatuluke bwanji? Ndamuuza azizimitsa asanagone. Bambo a kunyumba avomera kukaona mawayawo Lamulungu.

Mtima suli m'malo.

Lamulungu, 19 Okutobala

Pabenchi, m'khonde la chipatala. Ndikulembera pabondo. Dzulo sindikanatha.

Ndilembe mwadongosolo.

Dzulo mmawa babu la pamalo anga ositira linapsa. Ndinakumbukira la Tsabola lija m'chikwama. Ndinati bola lophethira kusiyana ndi mdima. Ndinaliika. Linayaka. Ndasita pilo woyamba, wachiwiri, shiti lonse. Ndinakweza maso. Kuwala kuli phee, osagwedezeka ngakhale pang'ono.

Ndinaliyang'ana mpaka maso kuwawa. Babu labwinobwino.

Mayi wa pakhadi uja, wa tinyenyezi.

Simbi ndinazimitsa, zimenezo ndikukumbuka. Babu ndinalichotsa likutentha, linandiwotcha zala. Sindikudziwa chimene ndinalitengera. Mwina ndinadziwa kuti mawu anga okha palibe awamvenso.

Kusaluni kodzaza. Mkwatibwi pampando wapakati, operekeza ake pabenchi, nyimbo, utsi wa tsitsi. Tsabola ataima kumbuyo kwa mkwatibwi, akuphonyaphonya tsitsi ndi zala. Atandiona nkhope anadziwa.

"Ayi, Mai Ambulansi. Lero lokha ayi."

Azakhali ake anaika chipeso pansi. "Mai, ndinakuuzani. Mukatuluka naye pakhomo apa, katundu wake amutsatira."

Ndinakoka mpando, ndinakwera, ndinachotsa babu la pamwamba pa galasi n'kuikapo lakale lija. Anthu onse maso pa ine, wina akuseka kuti ambulansi yasanduka wamagetsi. Ndinayatsa.

Ndinafunsa Tsabola ngati likuphethira.

"Simukuona? Ngati disiko."

Ndinafunsa mkwatibwi. Anayang'ana m'mwamba, anati ayi. Anzake, ayi. Azakhali anayang'ana babu, anayang'ana mwana wa mchimwene wawo, anayang'ananso babu. Wina anazimitsa nyimbo.

Tsabola, mawu aang'ono: "Anti, silikuphethira?"

Mkwatibwi ndi amene anadzuka, tsitsi theka lili m'mwamba. Anati galimoto yawo ili panja, titenge. Tinapita pagalimoto ya maliboni ndi mabaluni, dalaivala atavala suti. Azakhali kutsogolo, chipeso chikadali m'manja, sakudziwa. Ine kumbuyo, mutu wa Tsabola pamwendo panga. Anthu m'misewu kutiombera m'manja.

Anamwino anatipeza pakhomo. Sitinakhale pamzere. Anamumanga chopimira magazi pamkono, anapopa, anayang'ana. Anasintha mkono, anapopanso. Anangokuwa kuti abweretse bedi la matayala.

Tsabola anandifinya dzanja. "Mai Ambulansi, ndani wazimitsa magetsi?"

Kenako anauma. Maso m'mwamba, nsagwada zolumana, thupi lonse kugunda pabedi. Azakhali anakuwa n'kugwa pansi. Ine ndinachita zimene anatiphunzitsa, sindikudziwa kuti zinachokera kuti. Kumugoneka chammbali, osamuika kanthu m'kamwa, kutchinga mutu kuti usamenye chitsulo. Pakamwa panga pakhutu pake: ndili pano, ndili pano, ndili pano. Jakisoni, dilipi, adokotala akuthamanga. Azakhali anasaina pepala la opaleshoni.

Pachitseko cha fiyeta, chipinda cha opaleshoni, anandiletsa. Ndinamulonjeza kuti ndidzalowa naye. Sindinalowe.

Mwana wamkazi. Wamoyo. Wochepa ngati botolo la shampu. Ali m'chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane. Tsabola sanadzuke bwinobwino. Amatsegula maso n'kutsekanso. Akuti tidikire, magazi akuthamangabe kwambiri.

Anamwino anandifunsa kuti mutu unayamba liti. Ndinati Lachiwiri. Anandiyang'ana. Anangoti, "Mwafika naye, mai. Akanagwera kusaluni tikanakamba zina." Kenako, "Koma ndinati ka handiredi."

Lachiwiri. Ndinamugoneka ndi kansalu konyowa. Mapazi ndinagulira mapatapata, dzanja ndinadulira chibangili, maso ndinagulira babu. Chilichonse chimene thupi lake limakuwa, ine ndimachitonthoza. Manja abwino aja.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Lero ndiye tsiku la sikelo lija.

Kunyumba ndinangopita kukasamba. Zofunda za alendo ndapatsa mnzanga asite. Bambo a kunyumba sanaseke. Anandiikira madzi pamoto okha. Akuti anapitabe kusaluni Lamulungu, mawaya onse ali bwino.

Tsabola wadzuka. Akudziwa anthu, wamwa tiyi pang'ono. Maso akuti akuona, koma ngati pagalasi lothimbirira ndi nthunzi. Adokotala akuti kawirikawiri zimabwerera. Kawirikawiri.

Sakutukwana. Sakufunsa za mwana. Nditayamba kumuuza anatembenukira kukhoma.

"Musandiuze. Ndikakaona kenako n'kufa?"

Kamwanako kachotsedwa pamakina, kakupuma kokha. Anamwino akuti tsopano mankhwala ake ndi kutentha kwa munthu: kagone pachifuwa, khungu ndi khungu, usana wonse. Mayi ake sangathe panopa, wachibale achite. Azakhali anayang'ana zikhadabo zawo zoikirira zija, zazitali zofiira, n'kubisa manja kumbuyo. "Mai, ine ndikathyola. Inuyo ndi amene mumadziwa." Sanapepese. Anandibweretsera madzi ozizira m'botolo, ananditsegulira okha. Saluni sanatsegule chichokereni Loweruka.

Ndiye andimangirira ine. Ndavula bulauzi, kamwana pakati pa mabere, kathewera ndi kachipewa kaja ka m'chikwama, kamene kakumufika m'mphuno. Nsalu pamwamba. Kulemera kwake sikumveka. Ndikuopa kutsokomola. Ndikuopa kugona. Kakapuma ndimamva ngati nthenga ikundikhudza. Nthawi zina kamaima, ine mtima kuima nako, kenako kamayambanso.

Ndaitana anamwino a m'chipindamo kanayi. Kanayi konse anati kali bwino. Kachisanu ndidzaitananso. Aseke amene akufuna.

Mkaka akumufinya Tsabola m'kapu, ife kumwetsa ndi kakapu kakang'ono. Amapereka bere nkhope ili kukhoma.

Lachinayi, 23 Okutobala

Atisamutsira m'chipinda chimodzi. Bedi la Tsabola pazenera, mpando wanga pambali pake. Anamwino akuti asakakamizidwe, koma akhale pafupi, azimva kamwana kakalira.

Kuthamanga kwa magazi kwayamba kutsika. Nkhope yake ikubwerera, mphuno yakhalanso yake. Mmawa anayenda mpaka kuchimbudzi atandigwira phewa, mapatapata a abambo aja akumuvuka. Mapazi aphwa.

Mai Wayilesi anabwera ndi nthochi. Anaima pakhomo, anati "wiii" kamodzi, motsitsa, kenako n'kuyamba kulira. Mkwatibwi naye watumiza uthenga. Ukwati unachedwa, anamalizidwa tsitsi ndi mlamu wake, zithunzi akuti zaipa koma alibe nazo kanthu.

Azakhali ali panja pakhonde ndi kabeseni ka madzi otentha ndi sizasi yobwereka. Akuchotsa zikhadabo, chimodzichimodzi, akutukwana. Za kubweza mtsikana kwa mayi ake sanazitchulenso. Ine sindinafunse. Ndikuopa kufunsa.

Kamwana kali pachifuwa panga pamene ndikulemba. Sikelo ya mmawa akuti sikanatsike. Kamatsegula diso limodzi.

Tsabola watembenuka. Kuyambira masana sakuyang'ananso khoma. Akuyang'ana babu la padenga. Ndinafunsa ngati nalonso likuphethira.

"Lili phee," akutero. "Lonyansa, koma lili phee."

Tsopano maso ake ali pa nsalu yangayi. Ine ndikunamizira kulemba kuti ndisamuthawitse. Kamwana kayetsemula. Iye wadzidzimuka, wagwira pabala.

"Kamatero?"

Kamatero.

"Kali ndi tsitsi?"

Ndakweza kachipewa pang'ono. Wasuzumira. Nthawi yaitali.

"Tsitsi limeneli lidzandivuta poluka." Kenako, mawu akale aja, a kusaluni: "Mai Ambulansi, ndiye mwangokhala phee ndi mwana wa eni? Anabereka ndinu?"

Akumasula mabatani a gauni. Bala lija, dilipi ija, kamutu kofewa aka. Kakaterereka? Ndiitane anamwino kaye. Ndaitana, akubwera.

"Bweretsani kuno. Koma musachoke."

Sindichoka. Cholembera pansi, apa pafunika manja onse awiri